Chitengwa chopanda ankhoswe

Pa mapemphero a ku mphakati, nthawi ya zopempha ikakwana, sipalephera mayi wonena kuti, "Timupempherere mwana wanga, mapepala ake atuluke akapeze mwamuna wake kunja." Tonse timavomera, ndipo n'koyenera, pakuti anthu amakwatirana kuti akhale pamodzi. Koma pali pemphero lina limene silimveka kawirikawiri, la mayi wopempha kuti mwana wake amene watopa ndi moyo wakunja abwerere kumudzi bwinobwino. Mwina amalinena chamumtima, poopa kuti anzake anganong'onezane kuti mwanayo zamukanika. Ine ndikuona kuti manyazi amenewa akupasula mabanja a ana athu, ndipo ife amayi, apongozi ndi ankhoswe tili ndi mbali yaikulu pa mlanduwu.

Ambiri a ife timatchula viza osadziwa kuti imamanga chiyani. Tiyeni titenge dziko la Britain, kumene kuli anamwino athu ndi achinyamata ambiri ogwira ntchito yosamalira okalamba. Kumeneko viza yotsatira mwamuna kapena mkazi ili mitundu iwiri, ndipo kusokoneza iwiriyi kwaliritsa anthu.

Mtundu woyamba ndi wa munthu wokwatiwa ndi nzika ya Britain, kapena ndi Mmalawi amene anapatsidwa kale chilolezo chokhala kumeneko mpaka kalekale. Kuti mkazi aloledwe kulowa, mwamuna ayenera kuonetsa kuti amalandira ndalama zokwanira pa chaka. Kuyambira mu Julayi 2012 mlingo wake unali mapaundi 18,600, koma pa 11 Epulo 2024 anaukweza kufika pa mapaundi 29,000. Popempha koyamba amawerengera malipiro a amene ali kumenekoyo. Zoti mkaziyo ndi mphunzitsi, ndipo akangofika adzayamba ntchito, iwo saziika pa sikelo. Amene akufuna kudalira ndalama zosunga zokha ayenera kukhala ndi mapaundi 88,500 omwe agona ku banki miyezi 6. Ndi ana athu angati ali nazo?

Tsono pali zolipira. Fomu yopemphera imadya mapaundi pafupifupi 2,000. Palinso msonkho wa zaumoyo, mapaundi 1,035 pa chaka kwa munthu wamkulu, wolipira wonse pakamodzi asananyamuke, moti pa viza yoyamba ya miyezi 33 umakwana mapaundi 3,105. Onjezani mayeso a Chingerezi, kuyezetsa chifuwa chachikulu kuchipatala chimene iwo anavomereza, ndi tikiti ya ndege. Miyezi 33 ikatha, alipiranso kuti awonjezere miyezi 30. Zikakwana zaka 5 m'pamene angapemphe kukhala mpaka kalekale, atakhozanso mayeso ena. Pa zaka zonsezi amaloledwa kugwira ntchito, koma saloledwa kulandira chithandizo chimene boma limapereka kwa osauka a kumeneko.

Mtundu wachiwiri ndi wa munthu wotsatira mnzake amene naye ndi mlendo, ali pa viza ya ntchito. Namwino wolembedwa m'kaundula wa kumeneko angathe kutenga banja lake. Koma kuyambira pa 11 Malichi 2024, amene anapita kumene kukasamalira okalamba saloledwanso kuitana mkazi, mwamuna kapena ana. Ophunzira ambiri anatsekeredwa khomo lomweli mu Januwale chaka chomwecho, ndipo mu Julayi 2025 boma linasiya kupereka viza zatsopano za ntchito yosamalira okalamba kwa anthu ochokera kunja. Choncho mkamwini akamati "ndikutumizira mapepala mwezi wamawa," funso loyamba ndi lakuti iyeyo ali pa viza yanji, ndipo anailandira liti. Ena salankhula bodza dala. Amangoopa kuuza apongozi kuti lamulo linasintha iwo ali kale m'njira. Malamulowa amasinthasintha, kotero chinthu chanzeru ndi kuuza mdzukulu wodziwa intaneti akuwerengereni pa tsamba la boma la Britain, osadalira munthu wa pa WhatsApp amene akufuna ndalama kuti "akonze mapepala."

Apa m'pamene pagona nkhani yanga. Mitundu iwiri yonseyi imamangirira ufulu wa mkazi wokhala m'dzikomo pa ukwati wake. Ukwati ukatha, maziko a vizayo athanso. Ngati mwamuna ali pa viza ya ntchito ndipo ntchito yamuthera, kawirikawiri amapatsidwa masiku 60 kuti apeze bwana wina womuimira, apo ayi banja lonse linyamuke. Ife sitikusowa chofanizira. Kumadera a chikamwini timadziwa mwamuna amene amalima munda wa kuchikazi, n'kumanga nyumba, koma tsiku limene banja latha amatuluka ndi bulangete lake basi. Timadziwanso mtengwa amene amakhala kwa eni. Kusiyana kwake n'kwakuti mtengwa wa kuno akavutika amadziwa njira ya kwa malume ake, ankhoswe amabwera n'kukhala pamphasa, anansi amamva kulira usiku. Mtengwa wa pa viza ali m'chipinda cham'mwamba ku Leeds kapena ku Manchester, kunja kwada 4 koloko masana m'mwezi wa Disembala, woyandikana naye sakumudziwa ngakhale dzina, ndipo munthu yekhayo wodziwa za mapepala ake ndi mwamuna yemweyo.

Amuna ambiri sagwiritsa ntchito mphamvu imeneyi molakwika, ndipo sindikuwanenera zoipa. Koma alipo amene mawu akuti "ndikubweza kwanu" anawasandutsa chikwapu. Mwana wotere akaimba foni, ife timamuyankha ndi mawu omwe tinamuuza pa chilangizo, akuti ukwati ndi kupirira. Timaonjezera kuti, "Mwayi umenewu anzako akuulirira, usatichititse manyazi." Amayi anzanga, kupirira umphawi pamodzi ndi kwina, kupirira zibakera ndi kwina. Malamulo a Mpingo amalola munthu kupatukana pokhala ndi mnzake ngati moyo wake kapena wa ana uli pa chiopsezo chachikulu, ndipo bambo mfumu aliyense angakuuzeni zimenezi. Lamulo la Britain nalo lili ndi njira: mkazi wa nzika, kapena wa munthu wokhala mpaka kalekale, amene banja lake latha chifukwa cha nkhanza angathe kupempha chilolezo chakechake chokhalira, osadikira zaka 5 zija. Wotsatira munthu wa pa viza ya ntchito chitetezo chake n'chochepa, koma naye apolisi samufunsa chilolezo cha mwamuna kuti amuthandize. Nambala yawo ndi 999. Mwana wanu asananyamuke adziwe zimenezi. Pasipoti yake azisunga yekha. Ndipo popeza masiku ano viza ya Britain ili pa intaneti osati pa khadi, nambala yachinsinsi yolowera aidziwe iye mwini.

Tisaiwale kuti nthawi zina amatsogola ndi mkazi, makamaka anamwino, mwamuna n'kutsatira. Bambo amene kuno anali mphunzitsi wamkulu, wopatsidwa moni ndi mudzi wonse, akafika uko amapezeka akulongedza katundu usiku kapena kulera ana masana, dzina lake litapachikidwa pa viza ya mkazi wake. Ena amazilandira bwino ndipo mabanja awo akuyenda. Ena zimawadya mumtima, n'kuyamba mowa kapena ukali. Nkhani imeneyi sitiikamba pa maphunziro a ukwati ku parishi, koma ikufunika.

Palinso mkazi amene sananyamuke n'komwe. Ameneyu ndiye wochuluka m'maparishi mwathu, ndipo mwamuna wake kawirikawiri sali ku Britain koma ku South Africa. Ku Mzimba, ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay kuli midzi imene anyamata ake ambiri ali ku Joni. Ambiri mwa iwo alibe mapepala okhalira, kotero nkhani ya viza ya mkazi palibiretu: munthu sangaitanire mnzake pamphasa imene iyeyo sanaloledwe kukhalapo. Mmalawi amaloledwa kulowa South Africa masiku 30 opanda viza. Mkazi akapita pa masiku amenewa n'kupitirira, potuluka amaletsedwa kubwereranso kwa chaka chimodzi mpaka zaka 5, ndipo akagwidwa angathe kukathera ku Lindela kudikira kubwezedwa. Akatsala kuno, amalera ana yekha, kulima yekha, n'kumadikira foni.

Agogo athu anapitako ku migodi pa nthawi ya Wenela. Zinali zowawa, koma mgwirizano wa ntchito unali ndi tsiku lothera, ndipo mkazi ankadziwa kuti dzinja lakuti bambo abwera. Amene sanabwere tinawapatsa dzina, matchona. Ulendo wa masiku ano ulibe tsiku lothera. Foni imatinyenga kuti tili limodzi chifukwa tikuonana nkhope madzulo alionse, koma zaka zikupita, ana akukula akudziwa bambo wa pa galasi, ndipo mayesero alipo mbali zonse ziwiri. Tisamachite manyazi kunena kuti banja limene lakhala motalikirana nthawi yaitali likakumana, ndi bwino onse awiri akayezetse magazi limodzi. Kumeneko si kukayikirana, ndi kusamalirana.

Maganizo anga ndi awa: choopsa kwambiri pa banja si kukhala kunja, ndipo si kubwerera kumudzi. Choopsa ndi kukhala pakatikati popanda tsiku. Mwamuna ndi mkazi agwirizane kuti pofika mwezi wakuti, chaka chakuti, tidzakhala denga limodzi. Ngati viza yatheka, kumeneko. Ngati siinatheke, kuno. Ankhoswe alidziwe tsikulo, ndipo likayandikira afunse.

Ndikudziwa chimene ena anene. Abwerere kudzadya chiyani? Funsoli ndi loona ndipo sindilipeputsa. Ndalama ya kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mitengo ya feteleza, ya shuga ndi ya sopo tikuidziwa tonse. Ntchito n'zosowa ngakhale kwa a madigiri. Ndalama zochokera kunja zalipira fizi ya ana amasiye, zagula malata, zathandiza kumanga matchalitchi athu. Alipo mabanja amene ali bwino ndithu kunjako, ana akuphunzira, onse awiri akugwira ntchito, Lamulungu ali ku Misa. Amenewa asawavutitse munthu kuti abwerere. Palinso ena amene ine ndingawauze kuti adikire kaye. Munthu amene impso zake zimatsukidwa ndi makina aganize kawiri, pakuti kuno makinawo ali m'zipatala zikuluzikulu zochepa, monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo odikira ndi ambiri. Amene watsala ndi chaka chimodzi kuti akwanitse zaka 5 zija asataye zaka 4 chifukwa cha kupsa mtima kwa sabata imodzi, pokhapokha ngati moyo wake uli pangozi.

Koma kuyeza kukhale kwa sikelo yolungama, mbali zonse ziwiri. Ife kuno timamva malipiro a mapaundi, n'kuwasintha m'makwacha m'mutu, n'kugwira pakamwa. Sitimva lendi ya kumeneko, ndalama zotenthetsera nyumba m'nyengo yozizira, ndi mtengo wosiyira mwana wamng'ono kwa omusamalira masana, umene umatha kumeza gawo lalikulu la malipiro a munthu mmodzi. Ndi chifukwa chake mabanja ambiri amasinthana mashifiti: mkazi usiku, mwamuna masana, kukumana pakhomo wina akulowa wina akutuluka. Viza yatheka, denga ndi limodzi, koma nsima sadyera pamodzi. Kulibe agogo oti n'kuwasiyira mwana, kulibe mlamu woti n'kumutuma. Mayi akabereka, amene kuno akanazunguliridwa ndi amayi a mphakati atanyamula ufa ndi nkhuni, uko amakhala yekha ndi khanda, ndipo matenda a nkhawa ndi kukhumudwa amapeza mpata. Maliro akagwa, kubweretsa thupi kumudzi kumafuna ndalama zoti anthu asonkherane masabata.

Amene akuganiza zobwerera pali mfundo zina zoti azidziwe bwino, chifukwa kubwerera mwaphuma kumapwetekanso. Chilolezo chokhala ku Britain mpaka kalekale chimafa munthu akakhala kunja kwa dzikolo zaka 2 zotsatizana, pamene unzika sufa motero. Kale Mmalawi ankaopa kutenga unzika wa kwina poopa kutaya wakwawo, koma mu Disembala 2018 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lolola unzika wa mayiko awiri. Penshoni ya boma la Britain imafuna kuti munthu akhale atasonkha zaka zosachepera 10 kuti alandireko kalikonse, ndipo akamailandirira ku Malawi sikwera chaka ndi chaka monga imachitira kumeneko, imaima pomwe inayambira. Chithandizo chaulere cha kuchipatala ndi cha anthu okhala m'dzikomo, kotero wosamuka asaganize kuti azingokwera ndege akadwala. Mwana wobadwira ku Britain sakhala nzika pongobadwa, pokhapokha kholo limodzi likhale nzika kapena lokhala mpaka kalekale. Koma akakhalako zaka 10 zoyamba za moyo wake angathe kulembetsedwa. Wodwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi afufuziretu kuti mankhwala ake azikawapeza kuti, ndipo pa mtengo wanji, pakuti m'zipatala za boma amatha kusowa, ndipo m'zipatala zathu za mishoni timalipira. Wobwera ndi katundu afunse ku MRA asanapakire. Zonsezi ndi zinthu zolemba papepala, mwamuna ndi mkazi atakhala pansi, osati zokambirana pa foni wina ali m'basi.

Yosefe woyera atamva kuti Herode wafa ananyamuka ku Ejipito ndi Maria ndi Mwana. Koma atamva kuti ku Yudeya kukulamulira Arkelao, mwana wa Herode, sanaumirire, anakakhala ku Nazarete. Anabwerera, koma anayamba wafunsa za kumene akupita. Ndipo ulendo wonsewo, popita ndi pobwera, anali atatu pamodzi. Papa Fransisko, mu uthenga wake wa tsiku la anthu osamuka ndi othawa kwawo la 2023, anatsindika kuti munthu ayenera kukhala ndi ufulu wosankha kusamuka kapena kukhala kwawo. Tikamva zimenezi timaganiza za maboma ndi nkhondo. Koma ufulu umenewu umathanso kulandidwa ndi mayi wobereka.

Timaulanda bwanji? Poyamba ndi zopempha zathu. Mwana akusonkhanitsa mapaundi 5,000 kuti aitanitse mkazi wake, ife tikumuimbira za chinkhoswe cha msuweni, za mwala wa pamanda, za yunifolomu yatsopano ya bungwe, za foni yamakono. Iye poopa kutchedwa wosayamika amatumiza, ndipo mkazi wake amadikiranso chaka china. Tikamuona mtengwa wathu akuonda timati ndi wamwano, safuna kutumikira apongozi. Chachiwiri ndi nyumba zija. Ana ambiri amatumiza ndalama kuti abale awamangire, kuti tsiku lobwerera adzakhale ndi pofikira. Abale amatumiza zithunzi za nyumba ya munthu wina, kapena maziko omwewo kujambulidwa mbali zinayi. Munthu akabwera n'kupeza thengo pamene anayembekeza khonde, amabwerera ku eyapoti ndipo sadzabweranso. Tikamadandaula kuti ana athu anatchona, tiyambe tafunsa kuti njerwa zawo zinapita kuti.

Chachitatu ndi pakamwa pathu. Wobwera ndi galimoto timamuvinira. Wobwera ndi chikwama chimodzi timamufunsa kuti, "Mubwerera liti?" ndipo akati sabwereranso timayang'anizana. Mkazi wobwera ndi ana popanda mwamuna timamuweruza tisanamve mbali yake. Mawu oti "anamubweza" amayenda msanga kuposa moni. Chifukwa cha ichi alipo ana athu amene akugona m'nyumba za anzawo kunjako, viza inatha kalekale, akudwala osapita kuchipatala poopa kugwidwa, koma sangayerekeze kubwera chifukwa akuopa maso athu kuposa apolisi. Paja akulu anati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Mwambiwu timaukonda, koma umagwira ntchito pokhapokha ngati kwanuko akukulandira.

Bungwe la amayi lingachitepo zinthu zosafuna thandizo la mabungwe akunja. Mkazi amene mwamuna wake ali kutali tizimuyendera monga timayendera odwala, osadikira kuti timve mbiri yoipa. Wobwerera alowe mu banki m'khonde yathu ngati wina aliyense, osamuyesa kuti ali ndi mapaundi obisa, ndiponso osamuseka ngati alibe. Namwino wobwerako ndi luso lake tingamulumikize ndi a zaumoyo a dayosizi, pakuti zipatala zathu zikusowa manja. Ana obwera osadziwa bwino Chichewa tisawaseke pa katekisimu, akasekedwa kawiri sadzafunanso kupita. Ndipo tipemphe abambo mfumu ndi alangizi a mabanja kuti pa maphunziro okonzekera ukwati pakhale tsiku la nkhani imeneyi, popeza maukwati ambiri amene tikuvinira masiku ano mkwati amabwera pa tchuthi cha masabata atatu.

Pa ukwati wotere ankhoswe a kuchikazi ali ndi ntchito yoposa kulandira nkhuku. Afunse mwaulemu kuti mkamwini ali pa viza yamtundu wanji, ndipo aione ndi maso, pafoni kapena papepala. Afunse ngati viza imeneyo imalola kuitana mkazi, ndi ngati malipiro ake akufika pa mlingo wofunika. Aonetsetse kuti ukwati walembetsedwa ndipo mtsikana ali ndi kope lake la setifiketi, chifukwa a za viza amafuna pepala, samva zoti mudzi wonse unalipo pa chinkhoswe. Afunse kumene mtsikanayo akhale podikira, kwa makolo ake kapena kwa apongozi, ndi amene azilandira ndalama zotumizidwa. Afunsenso dzina la parishi imene mkamwini amapemphera kunjako, kuti bambo mfumu wa kuno alembe kalata yomudziwitsa mtsikanayo kwa wansembe wa kumeneko, akafike ali ndi khomo lina logogoda kupatula la mwamuna wake. Mkamwini wa zolinga zabwino sangakwiye ndi mafunso amenewa. Akayamba kuzemba, ankhoswe apemphe kuti tsiku la ukwati lidikire kaye mpaka mayankho apezeke.